Tsiku Limene Ndinauza Njovu Kuti Ibwere Mawa

Amene akuti Lazaro Sakala ndi wabodza aimirire pomwe pano ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire kumbuyo kwa anzake ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Palibe? Basi khalani pansi mutchere khutu. Zimene ndikuuzeni zinandichitikira ine mwini wake mu Gemu, nkhalango yosungiramo nyama ya kutsidya kwa Luangwa uko, masiku amene bwalo la ndege la ku Mfuwe linali kabwalo ka fumbi koti ndege isanatere anthu ankayamba apirikitsa mbawala. Ndikulumbira pali amayi anga amene anagona ku Mnkhanya, ndikawonjezapo ngakhale liwu limodzi, lilime ili lithothoke nkhuku zitole.

Mukandiona lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba, anthu nkumatsika panjinga kuti anene "A Sakala, mwaswera bwanji," mumaganiza kuti ndinabadwa choncho. Ayi ndithu. Ine ndinalowa ntchito pakampu ya alendo ndili munthu wamanyazi kuposa kamba. Manyazi anga anali oti ndikaponda chithunzithunzi changa ndinkachipepesa, ndikakumana ndi mbuzi panjira ndinkapatuka ndine, ndipo mawu anga anali aang'ono moti tsiku lina udzudzu unatera pakhutu panga nkundiuza kuti ndikwezeko pang'ono chifukwa sukumva. Mukumva? Udzudzu!

Ntchito yanga inali iyi. Alendo akamapita wapansi m'tchire kukaona nyama, patsogolo pamakhala sikauti wonyamula mfuti, pakati alendo, ndiye kumapeto kwenikweni munthu wosenza ketulo, makapu ndi mabisiketi, woti dzuwa likakwera akoleze moto nkuwaphikira tiyi. Wakumapetoyo ndinali ine. Pasanathe mwezi dzina langa linafa. Kukhitchini, kugalaja, paliponse, ndinali Ketulo. Amene anayambitsa dzinali anali sikauti wathu, a Robati Tembo, munthu wamtali wa ndevu zopota, amene ankayenda ngati nyama zonse za mu Gemu anazigula yekha. Akati "Iwe Ketulo!" makapu a m'thumba mwanga ankayamba kugundana okha, gobede gobede, phokoso lake njati za mtunda wautali nkudzuka kuthawa, alendo osaona kanthu koma michira.

Tsiku lina m'mawa bwana wa kampu, mzungu wofiira khosi amene ankadziwa Chinyanja chathu, anandiitana. Anati alendo akudandaula: akandifunsa kanthu ndimayankha zala zanga za kuphazi, tiyi ndimathira theka m'kapu theka pansapato zawo. Anati ndikapanda kusintha, mvula ikayamba kampu nkutsekedwa, chaka chamawa ndisadzabwerenso.

Apa musaseke, chifukwa panalibe choseketsa. Chaka chimenecho njovu zinali zitadya mapira onse m'munda mwathu ku Mnkhanya, osasiya ngakhale phesi loti nkutokosera mano, ndipo mkazi wanga Esinati anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Ntchito ya ketuloyo ndiyo inali nkhokwe yathu. Ndinachoka kwa bwana nkukabisala kuseri kwa kanyumba kochapira, ndipo ndinalira mpaka misozi inayenderera nkukalowa mu Luangwa, asodzi a kumunsi nkumadabwa kuti nsomba za tsiku limenelo zinali zothira kale mchere.

Kumeneko ndi kumene anandipeza a Damiano Ngoma, dobi wa pakampu, amene ankachapa ndi kusita zovala za alendo ndi mayunifomu athu. Anali mkulu wa imvi, wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere chifukwa pa unyamata wawo anali msilikali ndipo anakamenya nkhondo kutali. Sanali m'bale wanga, koma kuyambira tsiku limenelo ndinkawatcha atata, monga timatchulira bambo kwathu kuno. Anaika simbi yawo yamakala pamwala, nandiyang'ana.

"Walira zokwanira?" anatero. "Manje imirira. Iwe vuto lako ndi lakuti umabwera kuntchito ndi Lazaro wa kunyumba. Ameneyo uzimusiya kwa Esinati. Kuno uzibwera ndi a Sakala."

"Atata, a Sakala ake ati?"

"Amene tiwasoke ine ndi iwe. Ukuganiza kuti ine kunkhondo sindinkaopa? Ndinkaopa tsiku lililonse. Koma mantha ndinkawavala mkati, yunifomu kunja. Munthu amalemekeza chimene akuona."

Kuyambira pamenepo masana aliwonse, alendo akagona kuthawa dzuwa, a Damiano ankanditengera pansi pa mtengo wa mvunguti kuseri kwa kampu. Ankandisenzetsa beseni lodzaza madzi kuti ndiphunzire kuyenda khosi lili chilili, dontho likagwa nkuyambiranso. Ankati munthu akakufunsa usamuyang'ane m'maso ngati ukufuna ndewu, usayang'anenso pansi ngati waba nkhuku, uziyang'ana pamene mphuno yake yayambira, uwerenge mumtima wani, thu, fili, kenako uyankhe pang'onopang'ono ndi mawu ochokera pamchombo. Chimene sukuchidziwa usaname, unene kuti ukafunsa, koma unene ngati munthu wodziwa kumene akafunse. Ndiye ankandiimika kutsogolo kwa mtengowo kuti ndiupatse moni ndi mawu amenewo, amene iwo ankawatcha mawu a ntchito.

Sabata yoyamba ndinati "Muli bwanji," tsamba limodzi linagwedera pang'ono, a Damiano nkuti mwina ndi mphepo. Sabata yachiwiri ndinati "Muli bwanji," zipatso zitatu za mvunguti, zazitali ngati mkono wanga, zinathothoka nkukwiririka m'nthaka, anyani amene anali m'mwambamo nkutsika mwaulemu kukhala pamzere. Sabata yachitatu, abale anga, nditangotsegula pakamwa mvuu zonse za padziwe zinayankha pamodzi, ng'ona zinatseka kukamwa, ndipo mvuu ina yaikazi inatuluka m'madzi masanasana nkunditsatira mpaka kukhitchini poganiza kuti ndine mwamuna wake amene anasowa chaka chatha, moti zinatengera anthu sikisi ndi lole ya pakampu kuti aibweze, iyo ikungondicheukira ndi maso achisoni. Mukumva? Esinati nkhani imeneyi sanaikonde mpaka lero.

Nanga yunifomu! A Damiano anatenga kabudula wanga wa khaki, amene kale ankaoneka ngati ndamulanda m'kamwa mwa ng'ombe, anamuviika m'madzi a chinangwa nkumusita ndi simbi ija mpaka mzere wa kutsogolo unathwa ngati lumo. Ndikamayenda m'tchire udzu unkadzimweta wokha, ntchentche zoluma za m'tchire zikati zitere pantchafu zinkagwa zitagawika pakati, theka uku theka uko, ndipo wophika wathu mpeni wake ukabuntha ankandipempha kuti ndiime chilili kuti adulire anyezi pamwendo panga.

Makapu anasiya kugundana. Alendo anayamba kufunsa dzina langa. Wina atandifunsa za mbalame imene sindinkaidziwa, ndinawerenga wani, thu, fili, nkuyankha kuti ndimuuza madzulo, ndipo madzulo ndinamuuzadi nditafunsa kwa asodzi. Koma a Robati sanasinthe. Ankati, "Ketulo ngakhale umupukute awale, ntchito yake ndi kukhala pamoto."

Ndiye linafika tsiku lija. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti nkhanga zinkaikira mazira owiritsa kale, ndipo nsomba zinkatuluka m'madzi kukafuna mthunzi. Tinanyamuka sikisi koloko m'mawa ndi alendo folo. Mmodzi mwa iwo anali dona wokalamba kwambiri woyendera ndodo, amene anati anasunga ulendo umenewu mumtima kuyambira ali mtsikana. Cha m'ma teni koloko tinafika padambo lina limene linali likuphwa, m'mbali mwake muli mitengo ya misangu.

Pansi pa misangupo panali Chigumula.

Inu ana a masiku ano simunaone njovu. Zimene mumaona zikudutsa msewu wa ku eyapoti ndi mbuzi chabe. Chigumula inali njovu yamphongo yoti ikaima mbalame zinkazungulira m'malo moidumpha pamwamba, minyanga yake inkakhukhuluzika pansi nkumalima mizere iwiri moti anthu a ku Malama ankangoitsata pambuyo akubzala mapira, ndipo ikakupiza makutu kamodzi madenga a udzu ankasasuka m'midzi itatu. Tsiku limenelo inali yokwiya chifukwa waya wa msampha wa anthu opha nyama mobisa unali utaicheka mwendo. Inatiyang'ana, inapinda chitamba, inatsitsa mutu, basi inaliyatsa liwiro kubwera kwa ife, nthaka nkumanjenjemera mpaka mabisiketi a m'thumba mwanga anasanduka ufa.

A Robati anakweza mfuti nkukoka. Inangoti kete, osalira. Anakokanso, kete. Chimene ndinaona kenako sindidzachionanso: munthu wamkulu uja anakwera msangu wina wa pafupi nafe, mtengo waminga, mwaliwiro loti nsapato zake zinatsala pansi zikuthamangabe zokha, ndipo zinakapezeka tsiku lachitatu pafupi ndi Mnkhanya zitatopa. Alendo anatembenuka nkundidutsa, onse kudzaunjikana kumbuyo kwanga, dona wokalamba uja, amene sakanatha kuthamanga, nkugwira lamba wanga ndi manja onse awiri. Ine wakumapeto ndinapezeka ndili patsogolo, m'mphepete mwa dambo, m'manja muli ketulo basi.

Sindinasunthe ngakhale phazi limodzi. Mukumva? Ngakhale phazi. Wani, thu, fili. Ndinakweza dzanja m'mwamba, ndinayang'ana pamene chitamba chake chinayambira, ndipo kuchokera pamchombo ndinatulutsa mawu a ntchito aja:

"Mwaswera bwanji, akulu? Lero tili ndi alendo. Mubwere mawa, eyiti koloko."

Abale anga, njovu ija inamanga mabuleki ndi miyendo yonse inayi, inakhukhuluzika mtunda wonse kuchokera pamisangu paja ikukumba ngalande imene mvula itabwera inasanduka kamtsinje koti mpaka pano anthu amaphamo milamba, fumbi lake linakwera nkukaphimba Mfuwe yense moti ndege imene inkafuna kutera inazungulira katatu woyendetsa akufunsa ngati dziko lasamuka, ndipo pamene fumbilo linatsika nsonga ya chitamba inali itaima apa, pamphuno panga penipeni, mpweya wake wotentha ukuwiritsa madzi a m'ketulo mwanga mpaka chivindikiro nkumavina. Inandiyang'ana ndi diso limodzi, kenako ndi linalo. Inayang'ana mzere wa kabudula wanga. Ndinaona ikuganiza kuti munthu woima chotere, wolankhula chotere, ayenera kuti ali ndi udindo waukulu umene iyo sinauzidwe. Ndinabwereza pang'onopang'ono kuti, "Eyiti koloko." Pamenepo inakweza chitamba nkuchigunditsa pamphumi ngati msilikali, inabwerera chafutambuyo masitepe teni kuti isandionetse msana, nkulowa m'tchire.

Popeza madzi anali atawira kale, ndinathira tiyi pomwepo ndili chiimire, ndipo palibe kapu imene inagwedera. Dona uja anamwa, misozi ili mbwembwembwe. Anandifunsa m'Chingelezi chimene ndinauza njovu, ine nkuyankha ndi Chingelezi changa chochepacho kuti ndaiuza ibwere mawa. Anaseka akulira, anandigwira dzanja nati, "Misita Sakala." Aka kanali koyamba kumva dzina langa likutuluka m'kamwa mwa mlendo lili ndi chipewa chake.

A Robati anatsika mumtengo thupi lonse lili minga ngati nungu. Anayenda kumbuyo kwanga ulendo wonse wobwerera, chifukwa alendo anakana kutsata wina aliyense koma ine. Titayandikira kampu anandinong'oneza, "A Sakala, ndili ndi ana faifi." Ndinamva chimene ankapempha. Bwana atafunsa, ndinanena zoona kuti mfuti inakana kulira, nkuwonjezera kuti a Robati anakwera mumtengo kuti aone ngati kukubwera njovu zina. Alendo anangoyang'ana kumbali. A Damiano anali atandiuza kale kuti munthu amene wangovala kumene ulemu asayambe ndi kuvula mnzake. A Robati anagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo dzina lija la Ketulo sanalitchulenso, kupatula akafunadi ketulo.

M'mawa mwake, ndinaona ndi maso angawa, Chigumula inafika pachipata cha kampu nkuima mwaulemu kudikira. Ndinatuluka nditavala yunifomu, ndinaiuza kuti ikweze mwendo, a Damiano nkudula waya uja ndi pulayala, nkutsuka bala ndi sopo wochapira zovala za alendo. Ndinaipatsa bisiketi imodzi nkuiuza kuti munda wa ku Mnkhanya wa pafupi ndi mtengo wa bwemba ndi wanga. Kuyambira chaka chimenecho palibe njovu inapondamo. Chigumula inkaima yokha m'mphepete kupirikitsa zinzake, ndipo nthawi yokolola inkathandiza Esinati kusenza mitolo, ngakhale kuti iye ankadandaula kuti imadyako panjira.

Bwana sananenenso za kundichotsa. Anandipatsa buku la mbalame ndi la mitengo, nandiika kuti ndiziyenda pambali pa otsogolera alendo kuti ndiphunzire. Apa ndinene mosabisa: mawu a ntchito amakutsegulira chitseko, koma ukalowa uyenera kukhala ndi kanthu m'mutu. Ndinaphunzira mapazi a nyama, kulira kwa mbalame, kumene mphepo ikuchokera, mpaka a Sakala amene tinawasoka pansi pa mvunguti aja anandikwana thupi lonse, osadziwikanso kuti msoko uli pati. Ndinatsogolera alendo zaka zambiri, ndipo palibe mmodzi amene anabwerako ndi bala loposa la minga. Mwana amene Esinati anali naye m'mimba uja anabadwa wamwamuna, tinamutcha Damiano, ndipo lero ndi mphunzitsi ku Malama, amaima kutsogolo kwa ana khosi lili chilili ngati wasenza beseni. Azing'ono ake onse anadya, anavala, anapita kusukulu. Zonsezi zinachokera kwa mkulu wotsimphina amene ntchito yake inali kuchapa masokosi a anthu ena, amene sanandipemphe ngakhale fodya wa kamodzi. Pamene anamwalira ndinanyamula nawo bokosi, ndipo panjira yonse ya kumanda mawu a ntchito anandithawa, ndinalira ndi mawu a Lazaro wa kunyumba.

Tsopano, popeza ndakalamba ndipo amene akanandiseka ambiri anapita, pali kanthu kamodzi kamene ndinakadumpha. Ndinati sindinasunthe phazi. Ndi zoona. Koma chifukwa chake n'chakuti pamene alendo ankandidutsa anandikankhira m'matope a makande a m'mphepete mwa dambo, mwendo wanga wamanja nkutitimira mpaka m'bondo. Wani, thu, fili ija sikunali kuwerenga ayi, kunali kukoka mwendo katatu kuti ndithawe, matope osalola. Dzanja ndinakweza kuti ndiphimbe kumaso ndisaone imfa yanga. Mawu aja anangotuluka okha chifukwa ndi okhawo amene pakamwa panga panazolowera masabata onse aja. Mwendo ndinauzula mwakachetechete pamene anthu onse ankaonerera a Robati akutsika mumtengo. Ndipo kabudula wanga wakuthwa uja anali atanyowa kuyambira m'chiuno mpaka m'masokosi. Alendo ndinawauza kuti ketulo inatayikira.

Masana amenewo ndinapereka kabudulayo kochapira ndikuyang'ana kumbali. A Damiano anamutambasula, anamununkhiza kamodzi, nandiyang'ana pamene mphuno yanga yayambira.

"A Sakala," anatero, "tiyi wa lero anali wamphamvu."

Anamuchapa, anamusita, ndipo anakhala zaka zonse zotsala za moyo wawo akundimva ndikusimba nkhani imeneyi kwa alendo, kwa asikauti, kwa apongozi anga, iwo akungogwedeza mutu kuvomereza, osatulutsa liwu kwa munthu, ngakhale kwa akazi awo. Mulungu awasunge pabwino atata amenewo.

Koma zakuti njovu inabwera m'mawa mwake, pamenepo sindichotsapo kanthu. Inachedwa ndi mphindi faifi chabe, ndipo inapepesa.